Kabuku ka ngongole ku Mississippi

Achimwene,

Katundu uja wafika bwinobwino, alamu anu anadzatula okha Loweruka. Nsapato zamukwana mwana wanu, moti tsiku loyamba anafuna kugona nazo. Kuno tili bwino, mvula yayamba mwanjomba koma tadzala. Buku munalembapo dzina lake lija sanayambe kuwerenga ndi iye. Ndinangoti ndione tsamba loyamba, basi mpaka usiku, magetsi atazima ndikuunikira tochi ya foni, mayi ake akudandaula kuti ndiwathera batire.

Munati ndi buku la ana. Mwina kwanuko ndi la ana, poti ndaona pachikuto kuti Roll of Thunder, Hear My Cry linatuluka mu 1976 ndipo chaka chotsatira linapata mendulo ya Newbery ya mabuku a ana. Koma ine bambo wa imvi landisowetsa tulo, ndiye mupirire, kalatayi italikirapo.

Wolemba bukuli, mayi Mildred D. Taylor, anabadwira ku Jackson, ku Mississippi, nakulira ku Toledo, ndipo zambiri analembazo zinachokera m'nkhani zimene bambo ake ndi abale ankasimba. Zikuonekeratu. Munthu wongomva za munda pawailesi sangalembe choncho za fumbi lofiira la katondo lomwe limasanduka phala mvula ikagwa. Nkhani yake ndi ya 1933, thonje litagwa mtengo. Wosimba ndi Cassie Logan, kamtsikana ka zaka 9, kakamwa kosagwira. Kwawo ndi anthu akuda koma ali ndi maekala 400 awoawo: agogo ake aamuna anagula 200 mu 1887, enawo mu 1918. Theka lachiwirilo likadali pa ngongole ya kubanki, msonkho ndiye ndi wa malo onse, n'chifukwa chake bambo ake amakhala ku Louisiana kokonza njanji, kunyumba amangobwera nyengo yozizira.

Monga mphunzitsi, poyamba pandigwira ndi pasukulu. Ana akuda amatsekulira mu Okutobala chifukwa manja awo amafunika kotola thonje, pomwe azungu anayamba kale mu Ogasiti, akukwera basi. Tsiku lotsekulira aphunzitsi alengeza kuti chaka chino aliyense alandira buku. Ana kusangalala. Mabuku aja pobwera ndi masanza, ndipo mkati mwa chikuto muli mndandanda wa amene analigwiritsapo kuyambira 1922: chaka, mmene bukulo lilili, mtundu wa mwana. Likadali latsopano, mzungu. Likadali bwino, mzungu. Litafika pothaitha m'pamene alemba liwu lachipongwe lotchulira munthu wakuda. Kamlongo kake ka Cassie, kaja kokonda ukhondo, kaliponya pansi n'kuliponda, kakwapulidwa. Mayi awo, amenenso ndi mphunzitsi pomwepo, sanachite phokoso. Anangotenga guluu ndi pepala n'kumata masamba aja. Ine ndagawapo buku limodzi kwa ana asanu ndi mmodzi, lopanda chikuto, ndipo ana sanadandaule. Kusauka mwana amakuzolowera. Chimene kamwanako kanakana si kung'ambika kwa buku ayi, koma kuti wina anakhala pansi mu ofesi n'kulemba ndi inki kuti zotsala ndiye zake.

Za basi ya ana a azungu yowawazira matope dala ndi dzenje limene ana a Logan anakumba kuti ithyokeremo muzikumbukira, ndinaseka ndekha. Koma si zimene ndakulemberani.

Chandikhalitsa pansi ndi ngongole. Anansi a a Logan ambiri alibe malo. Amalima pa minda ya azungu monga Harlan Granger, pangano lake n'lakuti pokolola thonje agawane pakati ndi pakati. Koma munthu adya chiyani kuchokera podzala mpaka potola? Amakatenga ufa, mchere ndi nsalu kusitolo ya a Wallace pa ngongole, mwini munda ndiye amawasainira. Masika akafika, theka la mwini munda lichoke, za kusitolo zichoke, chiwongoladzanja chichoke, wolimayo atsala akukanda m'mutu, mwinanso ngongole yadutsira chaka chamawa. Tsono a Wallace omwewo ndi amene anathira mafuta amuna a banja la Berry n'kuwayatsa. Dera lonse likudziwa, palibe anamangidwa, ndipo m'mawa mwake anthu akupitabe kukalembetsa mchere kwa omwe anaotcha anzawo.

Mayi Logan ndiye anayenda khomo ndi khomo kuti anthu anyanyale sitoloyo, azikagula ku Vicksburg. Loya wina wachizungu, Jamison, anavomera kuwaimira pa ngongole kumeneko, poopa kuti a Logan akaika malo awo chikole awataya. Zinayenda kanthawi. Kenako Mayi Logan anachotsedwa ntchito, mlandu wake kuphunzitsa za ukapolo zimene m'buku la boma munalibe. Granger anauza alimi ake kuti tsopano azitenga magawo 60 pa 100 aliwonse, ndipo a Wallace anaopseza kuti amene sabweza ngongole akagwira ntchito yakalavulagaga ali m'maunyolo. Abambo awiri anabwera kwa a Logan, maso pansi, kudzanena kuti iwo aleka. Mnyamata wamkulu wa a Logan anapsa mtima, ati ndi amantha. Bambo ake anamudzudzula kwambiri, kuti iye anabadwa ndi mwayi wokhala pa malo a kwawo, anthu amenewa akathamangitsidwa alowera kuti ndi ana?

Pamenepo ndinatseka buku, chifukwa ndinaona ababa.

Inu mukudziwa kuti zaka zinayi zija ndisanabwere kusukulu kumene tinakumana, tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya. Sindinakuuzenipo zambiri, manyazi a unyamata. Lachisanu lililonse lolandira phoso ndinkapita ndi amayi kusitolo ya pa esitetipo, kalaliki atakhala pakhomo ndi kabuku ka chikuto chofiira, bolopeni ataimangirira ulusi. Ndowa ya chimanga, alembe. Nyemba, mchere, sopo, alembe. Feteleza, khasu, ngakhale mankhwala a malungo mlongo wanga atadwala, zonse m'kabuku. Ababa sankadziwa kuwerenga, ankangodinda chala. Ife ana tinkathyola fodya, kusoka, kupachika m'zigafa, manja akuda bii ndi utomoni. Fodya akapita ku okushoni mtengo wake sitinkaumva. Tsiku lowerengera ababa ankavala malaya awo abwino aja, n'kukaima pamzere. Chaka china anabwera ndi ndalama zosakwana kugula bulangete ziwiri, anakhala pa khonde mpaka mdima osayankhula. Amayi atanena kuti ndowa zalembedwazo zachuluka kuposa zimene tinalandira, ababa anangoti, "Ndiye ukatsutsane ndi kabuku?"

Komabe ndisakunamizeni kuti n'chimodzimodzi. Mwini esiteti uja anali Mmalawi mnzathu, wakuda ngati ife, maliro ake tinakalira nawo. Chaka chachinayi ababa anamanga katundu usiku, tinachoka, palibe anatilondola ndi mfuti. Akanalimba mtima n'kumutukwana kalaliki, akanangothamangitsidwa. Ku Mississippi wa m'bukumu, munthu wakuda kungonena kuti mzungu wanama kunali kokwanira kuti usiku abwere magalimoto. Muli bambo wina amene anamupaka phula ndi nthenga pa chifukwa chomwecho. Umphawi ndi womwewo, koma kumeneko tsankho ndilo linkalondera kabuku kuti wina asayerekeze kukafunsa. Zofanana nazo kwathu kuno mwina n'za nthawi ya thangata, makolo akulipira malo awo omwe ndi thukuta pa minda ya azungu. Ndipo ndinakumbuka kuti John Chilembwe, asanadzaukire za ku Magomero mu 1915, anakaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, m'zaka zimene anthu akuda akum'mwera kwa America ankapachikidwa m'mitengo. Anabwerako mu 1900 ataona ndi maso mbali zonse ziwiri. Ku sukulu timangophunzitsa masiku ndi mayina, izi sitizilumikiza.

Chinanso chimene mayiyu wachilemba mwanzeru ndi azungu osauka. Tsiku limene Cassie anapita koyamba ku tauni ya Strawberry ndi agogo ake aakazi kukagulitsa mazira ndi mkaka, anadabwa kuona agogo akuimika ngolo kumapeto kwenikweni kwa msika, kumene ogula safikako, kutsogolo kuli malo. Atatero anagundana mwangozi ndi Lillian Jean Simms, mtsikana wachizungu. Bambo ake a mtsikanayo anamupotokola mkono Cassie n'kumukankhira mumsewu, ndipo agogo ake omwe, amene akanamuteteza, ndiwo anamulamula kuti apepese ndi kumutchula mwana mnzakeyo ndi ulemu wa akuluakulu. Cassie anakwiyira agogo kuposa mzungu uja. Ine ndinawamvetsa agogowo, anasankha kuti mdzukulu abwerere kunyumba wamoyo. Tsono a Simms amenewa si olemera. Mayi Logan pomufotokozera mwana wawo akuti bamboyo amakakamira zoti mzungu ndi woposa chifukwa alibe china chogwira. Taganizani, munthu wopanda kanthu ngati anansi ake akudawo, amene akanagwirizana nawo n'kufunsa limodzi za mtengo wa thonje, akukhutira ndi khungu. Amene akupindula ndi Granger, yemwe sadetsa m'manja. Iye amangopita kubanki, mawa lake a Logan auzidwa kuti ngongole yonse ikufunika pompano, mpaka mchimwene wa bambo ake a Cassie wa ku Chicago anagulitsa galimoto yake yonyadira ija ya Packard n'kubwera wapansi.

Pali pamodzi pamene ndikutsutsana naye wolembayu, kapena kuti pamene mtima wanga sunakhutire. Nkhani yonse tikuionera pa khonde la a Logan, anthu a malo, a mabuku m'nyumba, a m'bale wa galimoto. Ndi anthu abwino, koma ndi ochepa otere. Mwana wa tenanti m'bukumu ndi T.J. Avery, ndipo amujambula wabodza, wokonda kubera mayeso, wosirira jekete la mnzake. Ndinamuda mpaka pakati pa buku, kenako ndinazindikira kuti ndikuda mnyamata amene ndinali ine. Mwana wosavala bwino amaphunzira msanga kusekerera amene ali nazo. Anyamata awiri a kwa Simms atayamba kumutenga ngati mnzawo, iye anaona ngati wakwera. Anamutengera kukathyola sitolo ku Strawberry chifukwa cha kamfuti kamene ankakasirira, iwo atabisa nkhope ndi masokosi akuda, mwini sitolo anamenyedwa mpaka kufa, ndipo mlandu wonse unagwera T.J. Usiku womwewo anyamata aja anali m'gulu lodzamukoka m'nyumba kuti akamupachike. Ndikanakonda mutu umodzi wokha tikanalowa m'nyumba ya a Avery, timve zimene ankakambirana pamene ufa watha.

Mathero ake aja, Achimwene. Moto ubuka m'munda wa thonje wa a Logan, mphepo ikuukankhira ku nkhalango ya Granger. Granger, amene anali chete mnyamata akumenyedwa, m'pamene alamula kuti aliyense akazime. Anthu omwe amafuna kupha aja akugwira mafosholo ndi masaka onyowa phewa ndi phewa ndi anthu akuda mpaka kucha. Cassie azindikira mochedwa kuti moto sunayambe ndi mphezi, anauyatsa ndi bambo ake. Munthu amene buku lonse wakhala akuvutikira malowo anaotcha gawo la thonje lake kuti mwana wa mnansi asafe usiku umenewo, podziwa kuti chokhacho chimene chingamudzutse mwini chuma ndi kuopa kuti chuma chake chipsa. Ndipo T.J. sanapulumuke kwenikweni, anangopita m'manja mwa apolisi kukadikira khoti la azungu okhaokha.

Mwana wanu wayamba kuliwerenga dzana. Dzulo akutsuka mbale anandifunsa kuti, "Adadi, sharecropper ndi chiyani?" Ndinati ndi tenanti. Anati, "Tenanti wa nyumba ya lendi?" Ndinazindikira kuti sindinamuuzepo kumene agogo ake anataya mphamvu zawo. Tinakhala pa mkeka mpaka nsima kuzizira, ndikumufotokozera za zigafa ndi kabuku kofiira. Akuti tchuthi chikubwerachi tipite kumudzi akawafunse okha agogo ake aakazi. Amayi mukuwadziwa, akayamba sadzamaliza.

Ndamva kuti pali buku lotsatira, Let the Circle Be Unbroken, mmene muli mlandu wa T.J. Mukalipeza, ngakhale lakale, mupatsire aliyense wobwera kuno pa Khirisimasi. Ufa wa kondowole ndi chambiko chouma munapempha zija ndapereka kwa alamu anu, koma akuti nsombazo akuopa kuti akawalanda pabwalo la ndege, ndiye musadabwe zikafika zosakwana. Moni kwa mayi a kunyumba ndi ana.

Ndine mbale wanu,
wa ku Kasungu uja