Achimwene agulitsa poloti yanga ndi chikalata chimene ndinawasainira

Agogo,

Ndikulemba pakati pa usiku chifukwa tulo sindikulipeza. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Chonde dzina langa musalembe, abale anga amawerenga tsamba lanu.

Nkhani ndi ya achimwene anga aakulu, obadwa bere limodzi. Mu 2019 ndinagula poloti ku Area 25 ku Lilongwe. Ndalama zake ndi za maondo angawa, zokolopera m'nyumba za eni ake. Kusintha umwini ku Lands kumafuna kuti ndisaine ndekha, koma ine sindikanatha kubwera. Chifukwa chake musandifunse, amene ali kuno akudziwa mmene nkhani ya mapepala imavutira. Achimwene anandiuza kuti ndisadandaule, pali chikalata chotchedwa power of attorney, ndikangosaina iwo azindiyendera zonse. Ananditumizira pa WhatsApp, ndinakasaina pamaso pa loya wa kuno, iye n'kudinda, kenako ndinapatsira dalaivala wa basi. Kodi ndikanakhulupirira ndani? Bambo anali akudwala, ndipo achimwenewo ndiwo mwini mbumba, ukwati wanga utatha ndi iwo anakanditenga.

Mwezi watha mnzanga anadutsa pa polotipo n'kupeza anthu akumanga mpanda. Njerwa zanga zimene ndinaotchetsa ndi zomwe akumangira. Nditaimba foni achimwene anayamba kuzungulira, kenako anati anagulitsa chifukwa cha matenda a bambo ndi maliro. Agogo, bokosi ndinagula ndine. Chimanga cha pamaliro, ndiwo, galimoto yonyamula thupi, ndalama zonse ndinatumiza pa Mukuru ndipo mamesejiwo ndili nawo. Nditawafunsa kuti agulitsa zingati anandiyankha kuti, "Unasaina wekha, palibe anakugwira dzanja." Mawu amenewa ndi amene akundidya usiku uno kuposa polotiyo.

N'zoona anandibwerekapo ndalama ya thiransipoti pobwera kuno, ndipo panali kena kamene anandithandiza nthawi ina ndili pa mavuto, sindikufuna kukatchula. Koma ndinabweza, mwina osati tsiku lomwe tinapangana, komabe ndinabweza. Ngongole ya basi ingafanane ndi poloti? Ngakhale filiji imene ndinatumizira amayi ili kunyumba kwa alamu, akuti kwa amayi magetsi amavuta, chonsecho mzere wa magetsi ndi umodzi womwewo. Mabulangete awiri a amayi, limodzi linapezeka pa bedi la mwana wa alamu, ndinaliona pa chithunzi chimene iwo eni anaika pa Facebook. Ndinangokhala chete kuti ndisaoneke wamwano. Pano akuuza anthu kumudzi kuti ndalama za ku Joni zandikuza mtima.

Mayi wina amene timapemphera naye amagwira ntchito mu ofesi ya maloya, ndiye ndinamuonetsa chithunzi cha chikalatacho. Anandifotokozera kuti zikalatazi zilipo za mitundu iwiri. China chimapatsa munthu mphamvu pa ntchito imodzi yokha, monga kusainira kusintha umwini wa malo, ikatha basi. China chimamupatsa mphamvu pa zonse, kugulitsa, kubwereketsa, kuika malo ngati chikole ku banki. Changa ndi chachiwirichi. Chinali m'Chingerezi cha maloya, ndipo amene anachilembetsa ndi achimwene omwewo, akudziwa bwino kuti ine sukulu ndinalekezera panjira chifukwa fizi inkapita kwa iwo. Mayiyo anati ngakhale zili choncho, wopatsidwa mphamvu sakhala mwini katundu, amayenera kuchita zokomera amene anamutuma, ndipo ndalama zimene walandira ndi za mwini wake, ayenera kulongosola mmene zayendera. Anatinso ndingathe kuchithetsa polemba chikalata china, n'kudziwitsa achimwenewo komanso ku Lands ngati chinalembetsedwa kumeneko. Koma anandichenjeza kuti amene anagula asakudziwa za mkangano wathu, chikalata chikadali ndi mphamvu, kumulanda malowo n'kovuta. Pamenepa ndi pamene mtima unandithyoka.

Palinso ina ya bambo. Atadwala sitiroko, achimwene anawadinditsa chala pa chikalata chonga chomwechi kuti azitolera ndalama za lendi pa nyumba yawo ya ku Kawale. Nthawi imeneyo bambo ankaitana mchemwali wanga ndi dzina la malemu azakhali. Munthu wosazindikira ana ake angapereke mphamvu kwa wina? Bambo anatisiya chaka chatha, koma mpaka lero achimwene akutolerabe lendi ndi pepala lomwelo, amayi osaona ngakhale ya sopo. Ndauzidwa kuti mphamvu ya chikalata chotere imathera pomwe wopereka wamwalira, ndipo kuchokera pamenepo chuma chimayendera wilu, kapena munthu amene wapatsidwa chilolezo ndi khoti choyendetsa chuma cha masiye. Ndamvanso kuti lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Bambo wilu sanalembe. Nditatchula zimenezi kwa amalume anandikalipira kuti mwana wamkazi sakokera mlongo wake kukhoti, ndikufuna kupha amayi ndi BP.

Ndiye ndithandizeni, Agogo. Chikalata changa ndingachithetse ndili konkuno, kapena mpaka ndibwere? Ndikapita ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg angandidindire, ndipo sangandifunse za mapepala anga? Ngati poloti yapita, ndalama zake ndingaziitanitse bwanji kwa munthu amene sakunena n'komwe kuti analandira zingati? A Legal Aid Bureau amathandiza munthu amene ali kunja, kapena ndiyenera kutuma wina, n'kusainanso chikalata china ngati chomwe chandipweteketsachi? Nanga ndikuopa kuti mwina dzina langa alikongolera kale ndalama kwinakwake, ndingadziwe bwanji?

Ana anga awiri akukhala kwa achimwene omwewo, ndiko amapitira kusukulu. Ndikayamba za maloya sindikudziwa kuti adzawachita chiyani, ndipo amayi alibe mphamvu zowalera. Nthawi zina ndimati ndingozisiya, poloti ndidzagula ina. Koma ndikakumbukira zoti "palibe anakugwira dzanja", thupi lonse limanjenjemera. Ndiyambe ndachotsa ana kaye kenako ndithetse chikalata, kapena ndithetse msanga asanagulitsenso nyumba ya bambo? Ndipo amayi ndiwauze chiyani, poti iwo akudziwabe kuti poloti ilipo?

Ine wosowa pogwira,
Cape Town