Gologolo wa ku Leeds ndi wotchi ya masekondi 30

Mwamuna wanga wamng'ono,

Wadzuka bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, mawondo okha ndiwo akumva kuzizira. Amayi ako aang'ono akuti moni wambiri. Mlongo wako wakhanda akukula, masaya ali tutumu, ndipo waphunzira kukoka duku langa ndikamuyangata.

Ndiye Loweruka likubwerali ukukwanitsa zaka 8! Usiku umene unabadwa kunagwa mvula yoyamba, ngumbi zinadzaza pakhonde, ndipo amene anakusambitsa koyamba ndine. Unali kakang'ono ngati botolo la mafuta ophikira. Chibadwire chako tsiku limeneli silinandipezepo ndili kutali, n'chifukwa chake mtima wanga wakana kukhala pansi mpaka nditakulembera. Uwauze amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono, ndipo pamene ungathe uwerenge wekha.

Ukukumbukira mtedza uja tinkasenda pamphasa ndisananyamuke, iwe wina ukuponya m'lichero wina m'kamwa? Unakalipo pang'ono m'chitini. Ndimadya umodziumodzi kuti usathe msanga. Koma tsopano ndapeza mnzanga wodya naye.

Lachiwiri kunali mvula. Mvula ya kuno usaiyerekeze ndi yathu ija yobwera ndi mphepo ndi mabingu, nkhuku n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Ya kuno imangowaza, ngati mmene amayi ako amawazira madzi pa malaya asanasite, kuyambira m'mawa mpaka mdima. Padenga palibe malata, ndiye suimva n'komwe. Fungo lija la dothi lonyowa kulibe. Ndinaima pawindo la kukhitchini ndikuganiza za iwe, ndipo ndinangoona kanthu kali tsetsereku pampanda wa matabwa. Gologolo! Koma wamkulu kuposa aja a m'mitengo ya kudimba, wotuwa ngati phulusa, pamimba poyera, mchira uli fwaa ngati tsache latsopano. Mvula ikamuvutitsa amapinda mchirawo pamwamba pa mutu, n'kukhala ambulera yake. Iwe unaonapo nyama yoyenda ndi ambulera yakeyake?

Ndinatsegula windo mwakachetechete n'kuika mtedza 12 kunja kwake. Ndinachita kuwerenga. Poyamba anandiyang'ana ndi diso limodzi, mchira ukugwedezeka, ngati akufunsa kuti gogo uyu ngwakuti. Kenaka anadumpha, nagwira mtedza ndi manja awiri monga mmene iwe umagwirira kapu ya thobwa, nautembenuzatembenuza, n'kuyamba kukukuta. Anadya utatu. Wachinayi sanadye ayi. Anathamanga nawo pakapinga, nakumba kadzenje, naponyamo, nakwirira, kenaka n'kumasindikiza dothi ndi timanja take, pha pha pha, ndendende agogo ako aamuna akamabzala chimanga. Ndinaseka ndekha mpaka mwana anatsala pang'ono kudzuka.

Ndiye panabwera mbalame ina yakuda ndi yoyera, yonga khwangwala koma yaing'ono, yamchira wautali. Inatera pampanda n'kumayang'anitsitsa. Ukudziwa chimene gologolo anachita? Anakumba dzenje, naweramira momwemo, nakwirira bwinobwino, koma mtedza uli m'kamwa! Mbalame ija inatsika kukafukula, osapezamo kanthu. Mwini wake anali atapita kale kukaubisa mu mphika wa maluwa wa amayi ako aang'ono. Amati amasungira nyengo yozizira kwambiri, pamene mitengo imakhala ilibe kanthu. Nkhokwe yake ndi bwalo lonse. Kodi amakumbukira bwanji maenje onsewo, chikhalirecho alibe kope kapena pensulo? Pomaliza pawindo panatsala mtedza umodzi wokha. Tandiuza, mwamuna wanga: unalipo 12, anadya utatu, unatsala umodzi. Anakwirira ungati?

Masiku ano ndikuwerenga chilichonse chimene ndaona, ndipo chandiyambitsa ndi pulogalamu ina ya pa TV. Dzina lake ndi Countdown. Imabwera pa Channel 4 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ikangopitirira 2 koloko masana. Nthawi imeneyo amayi ako aang'ono amakhala ali kuntchito, mwana ali mtulo, m'nyumba muli zii. Kwanuko imakhala itakwana 4 koloko, ndiye ndikamakhala pampando ndimati, pano mwamuna wanga wavula yunifolomu, akufunafuna mpira wake wamapepala uja. Kodi unakalipo, kapena galu anaung'amba?

Mu pulogalamuyi mumakhala anthu awiri opikisana, aliyense ndi pepala ndi cholembera. Si anthu otchuka ayi. Ena ndi aphunzitsi, ena ana a sukulu zapamwamba, ena ndi agogo ngati ine. Kumbuyo kwao kuli chiwotchi chachikulu kuposa chitseko cha nyumba yathu. Mmodzi amasankha zilembo 9. Amanena kuti akufuna chilembo cha liwu, a, e, i, o, u zija mumaimba m'kalasi, kapena chopanda liwu, koma sadziwa chimene chituluke. Mayi wina dzina lake Rachel Riley ndi amene amazitola n'kuziika pabolodi. Zikakwana, muvi wa wotchi umanyamuka pamwamba kutsikira pansi, kanyimbo kakulira, ndipo masekondi 30 akatha basi, zolembera pansi. Masekondi 30 ndi ochepa, mwana wanga. Sungafike n'komwe pachitsime kuchokera pakhomo. Amene wapanga liwu lalitali ndiye watenga mapointi. Liwu la zilembo 6, mapointi 6. Koma ukagwiritsa ntchito zonse 9 amakupatsa 18, anthu n'kuwomba m'manja.

Pambali pamakhala mayi wina, Susie Dent, amene ntchito yake ndi kuyang'ana mu dikishonale ngati liwulo lilipodi. Wakhala pampando umenewo kuyambira 1992. Akamakana liwu la munthu amakana mofatsa, mpaka wokanidwayo amathokoza. Ine ndimamukonda chifukwa cha chimenechi. Mawu ake ndi a Chingerezi, ndiye ambiri amandidutsa, koma ndaona chinthu chimodzi: anthuwa amapempha kwambiri zilembo zopanda liwu. Ife tikanati tisewere m'Chichewa tikanapempha za liwu zambiri, poti mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u. Tayesa kutchula: nyumba, galu, mtengo, mbuzi. Waona?

Gawo limene ndimalidikira ndi la manambala. Pamakhala manambala 6. Ena ndi aang'ono, kuyambira 1 mpaka 10, ena ndi aakulu, 25, 50, 75 ndi 100. Makina amatulutsa nambala ya m'mahandiredi, ndipo opikisana ayenera kuifika pophatikiza, pochotsera, pochulukitsa kapena pogawa, nambala iliyonse kamodzi kokha. Wofika ndendende amapata mapointi 10. Onse akalephera, Rachel uja amatenga cholembera n'kuwaonetsa njira. Anaphunzira masamu ku Oxford, ndipo mutu wake umathamanga ngati mphenzi. Ine ndikamamuona ndimakumbukira masiku amene ndinkagulitsa tomato pamsika, chenje ndikuwerengera m'mutu anthu atatu ataima.

Amayi ako anandiuza pafoni kuti sabata yatha unabwera kusukulu maso ali ofiira. Akuti unaitanidwa kubolodi, samu inakusokonekera, anzako anaseka, ndipo madzulo unakana nsima. Usawakwiyire pondiuza. Ine usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye tamvera zimene ndinaona tsiku lomwe lija la gologolo. Ankapikisana bambo wina wa imvi mbuu ndi mtsikana wa ku yunivesite. Manambala anali 75, 9, 7, 4, 2 ndi 1, ndipo ofunika kufika anali 683. Wotchi itaima, woyendetsa pulogalamu, Colin Murray, anafunsa bambo uja kuti wapeza chiyani. Iye anayang'ana pepala lake, napukusa mutu, nati wasochera panjira, alibe yankho. Pamaso pa dziko lonse! Nkhope yake inafiira, ndinaona ndithu. Mtsikana uja anafotokoza zake: 75 kuchulukitsa ndi 9 ndi 675, 4 kuchulukitsa ndi 2 ndi 8, kuphatikiza ndi 683. Bamboyo anagwedeza mutu, natembenuza pepala, nagwiranso cholembera. Gawo lotsatira anapeza liwu la zilembo 8 pamene mtsikana anali ndi 6. Ndinawomba m'manja ndekhandekha m'chipinda. Pamapeto anapambana ndi mtsikana, ndipo woyamba kumuwombera m'manja anali bambo uja. Ine maso anga anali pa iye basi, ndikuganiza za iwe uli pabolodi ndi choko m'manja.

Samu ya 683 ija ine sindinaimalize m'masekondi 30. Ndinailemba kuseri kwa envelopu, ndinasintha mwana thewera, ndinaika mphika pamoto, ndipo ndinaipeza mdima utagwa. Ndinapezanso kuti 8 uja ungamupeze ndi 7 kuphatikiza 1. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama. Iwe ndimakudziwa. Uli ndi zaka 5 unkawerenga anapiye madzulo alionse, ndipo ndiwe unazindikira kuti kamodzi kasowa ife akuluakulu tisanaone. Kukhitchini kwanga kulibe wotchi yokuthamangitsa. Ndikabwera tidzakhala pamphasa ndi njere za chimanga, samu ija ya pabolodi tidzaichita mpaka idzagonje.

Ungaganize kuti opambana amalandira galimoto kapena ndalama zodzaza thumba. Ayi ndithu. Wopambana amapatsidwa tiyipoti yooneka ngati wotchi ija! Mawa lake amabweranso kudzakumana ndi wina, ndipo akapambana maulendo 8 amapuma, kudikira ndime zomaliza za akatswiri okhaokha. Mayi wachikulire woyandikana nafe nyumba, amene amandipatsa moni pampanda, akuti pulogalamuyi inayambira mumzinda uno wa Leeds, ngakhale masiku ano amaijambulira ku Salford, kufupi ndi Manchester. Inaonetsedwa koyamba pa 2 November 1982, ndiye mwezi wake wobadwa ndi wako womwewu. Taganiza, amayi ako anali asanabadwe, ndipo kwathu TV ya dziko lathu inadzayamba mu 1999. Nzeru yake anaitenga ku France, kumene kunali kale masewera otere. Anandiuzanso kuti mu 2006 mnyamata wa zaka 14 anagonjetsa akuluakulu onse. Zaka 14! Iwe zakutsalira zingati kuti ufike pamenepo?

Chomaliza mu pulogalamuyi ndi liwu limodzi la zilembo 9 zosokonezedwa, ndipo woyamba kulizindikira amaliza belu. Ine ndakukonzera lako la Chichewa, mphatso ya tsiku lako. Nali:

W A N G A N C H I

Ulembe chilembo chilichonse pa kapepala kakekake, uziyale pansi, uzisunthesunthe. Ndi chakudya chimene chimakula pansi pa nthaka, ndipo iwe umachikonda chophika, ndi tiyi m'mawa. Agogo ako aamuna asakuuze, ndawaletsa kale. Ukalipeza, uonenso timawu tating'ono tobisala momwemo. Ine ndapezamo "ana" ndi "wina". Iwe upezamo tingati?

Ya manambala nayi: 10, 8, 3 ndi 2. Ufike pa 86. Nambala 8 ndaiikamo dala chifukwa ndi yako. Utenge masiku onse amene ukufuna.

Tsopano undiuze za kumudzi. Mvula yayamba? Agogo ako aamuna amaliza kugalauza munda wa kumtunda? Ngumbi zatuluka, ndipo wadya kale? Mbuzi yaikazi ija yabereka angati? Dzino lija linkagwedera linachoka? Mango a pakhomo apsa?

Mangowo ndi amene akundidetsa nkhawa. Usakwere nthambi ija yopita pamwamba pa khitchini, inauma m'kati. Uzigwetsa ndi nsungwi, ndipo uziwatsuka usanadye, ngakhale njala ikuluma bwanji. Mtsinje ukadzaza usawoloke, ngakhale anzako atawoloka. Bwerera kunyumba, sukulu idzakhalapo mawa. Kukachita mabingu usabisale pansi pa mtengo. Usiku uzilowa m'neti, ndipo uzionetsetsa kuti waipisa pansi pa mphasa mbali zonse, poti iwe pogona umatembenuka ngati mphero. Thupi likangotentha uwauze amayi ako nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Ndakugulira juzi yobiriwira ndi bokosi la mapensulo amitundumitundu. Munthu wa kutchalitchi kwathu kuno akubwera kumudzi mwezi wamawa, ndiye adzakutengera. Juziyo ndatenga yaikulu pang'ono kuti udzaivale m'June. Ndawauza amayi ako kuti Loweruka aphe tambala wofiira uja, ndipo nthutumba ndi yako, wina asaikhudze.

Apa mlongo wako wayamba kulira, ndipo 4 koloko isanakwane kunja kwayamba kale kuda. Gologolo wabweranso, wakhala pa mphika wa maluwa akuyang'ana windo. Ndimupatsa uwiri wokha lero, wotsalawo ndi wanga. Mayankho ako uwanene pa WhatsApp ya amayi ako, ndi pakamwa pako, kuti ndimve mawu ako.

Ndine mkazi wako wokalamba amene wakusowa kwambiri,

Agogo