Masheya a kampani yodwala asalowe m'malo mwa malipiro

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndilankhulepo, nkhaniyi yandikhala pakhosi sabata yonse. Ine ndine makaniko, kagalaja kanga kali ku Chinamwali kuno ku Zomba, moyo wanga ndi sipanala ndi girizi basi, koma nkhani za makampani a galimoto ndimazitsata kuyambira kale chifukwa ndi mmene ndimadyera.

Loweruka lapitali kunabwera mphwanga, mwana wa achemwali anga, amagwira ntchito pa kampani ina ku Blantyre yomwe imagulitsa ndi kukonza magalimoto, dzina sinditchula. Miyezi itatu sanalandire malipiro okwanira, mabwana akuti forex kulibe, masipeya sakubwera, makasitomala athawa. Nde ati anawaitanira miting'i nkuwauza kuti amene akufuna, ndalama zomwe kampani ili nazo ngongole kwa iyeyo zisanduke masheya, ndipo amene ali nako kangachepe awonjezere agule ena, zinthu zikadzakhala bwino nonse mudzakhala eni ake. Mnyamatayu anabwera maso ali gwa, akuti malume ndibwerekeniko ndiwonjezere pa zomwe akazi anga atenge ku banki mkhonde, ku America anthu analemera nazo zimenezi nthawi ya mavuto a zachuma a 2008. Ndinaika sipanala pansi.

Nkhani ya ku America imene akuinenayo ndi theka chabe. Zoona, sheya imodzi ya Ford inatsika mpaka kufika pafupi dola imodzi mu Novembala 2008, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2011 inali itadutsa madola 18, amene anagula pansi paja anaseka ndithu. Koma Ford inapulumuka chifukwa mu 2006, mavuto asanafike, bwana wawo Alan Mulally anakongola madola oposa 23 biliyoni ndipo anapinyolitsa pafupifupi chilichonse, mafakitale mpaka kachizindikiro kabuluu kaja timakaona kutsogolo kwa Ranger. Mabanki atatseka zitseko iwo anali ndi ndalama kale mthumba. Wantchito wamba womanga mabawuti pa laini sakanadziwa kuti pa makampani atatu akuluakulu a magalimoto ku America, Ford, General Motors ndi Chrysler, yopulumuka ndi iti.

Nanga General Motors (GM)? Kampani yomwe kwa zaka zoposa 70 inkagulitsa magalimoto ambiri kuposa ina iliyonse padziko, anthu ankati imeneyi singagwe olo zitavuta bwanji. Antchito ambiri anali ndi masheya a kampani yawoyo mu ndalama zomwe ankasungira ukalamba, ndipo mtengo ukamatsika munthu umadziuza kuti ndiye yatchipatu, ndigule ena. Pa 1 Juni 2009 GM inakagwada ku khothi kuti yalephera kubweza ngongole, sheya ili pansi pa dola imodzi. Kenako anapanga GM yatsopano, boma la America nkutenga pafupifupi 61 peresenti litathiramo madola pafupifupi 50 biliyoni, Canada nayo nkutengako gawo, ndipo eni masheya akale aja sanapatsidwe kanthu. Olo tambala. GM yatsopanoyo itabwerera pa msika mu Novembala 2010 pa madola 33 sheya imodzi, mapepala akale aja anali ongoyatsira mbaula. Ndiye taganizani munthu amene fakitale yake yatsekedwa, ntchito yatha, ndipo ndalama zomwe ankati zidzamuthandiza ntchito ikadzatha zapitanso tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene pali mtima wanga a Mkonzi. Kampani ikagwa pamakhala mzere wolandira, ndipo mwini masheya amaima kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa mabanki ndi onse okongoza. Munthu amene kampani ili naye ngongole ya malipiro ali kutsogolo, atha kupita ku ofesi ya leba, atha kukasuma. Akangosaina kuti malipiro anga asanduke masheya wachoka yekha kutsogolo kukaima kumbuyo, ndipo ngongole ija yafufutika m'mabuku a abwana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mphwanga ananditsutsa, ndi mwana wophunzira uyu, akuti koma malume yuniyoni ya antchito a magalimoto ku America inatenga masheya ndipo sinalire. Eya, thumba losamalira za chipatala za opuma ntchito a yuniyoni ya UAW linapatsidwa 55 peresenti ya Chrysler, yomwe inagwa pa 30 Epulo 2009, komanso 17.5 peresenti ya GM yatsopano, m'malo mwa ndalama zomwe makampaniwo amayenera kulipira. Ndipo mu Januwale 2014 Fiat inagula gawo lomwe linatsala ku Chrysler pa madola 4.35 biliyoni. Koma onani kusiyana kwake, awo anali masheya a kampani yatsopano yochapidwa ngongole, anakambirana ndi maloya a yuniyoni, kumbuyo kuli boma la Obama ndi chikwama chake. Kampani ya mphwangayi ndani adzaiwombole? Boma lathu lomweli loti mafuta a galimoto timagonera pa filing'i siteshoni?

Komanso chinthu china, masheya a Ford munthu ankatha kuwagulitsa tsiku lililonse pa msika. Kampani ya mphwangayi siili pa Malawi Stock Exchange, ndiye mawa mwana akadwala kapena fizi ikafunika adzawagulitsa kwa ndani? Kwa abwana omwewo, pa mtengo womwe abwanawo anene. Ndinamufunsa ngati anawaonetsa mabuku owerengedwa ndi ma oditala, ayi. Mtengo wa sheya anaupeza bwanji, kaya. Abwanawo akuthiramo zingati zawo, anangoti zii. Kumbukirani kuti mabwana a makampani atatu aja a ku Detroit anapita kukapempha thandizo ku Washington mu Novembala 2008 aliyense pa ndege yakeyake ya kampani, mpaka aphungu anawaseka, ulendo wachiwiri ndiye anapita pa galimoto. Mabwana ndi amodzi kulikonse.

Musandimve molakwa, ine masheya sindidana nawo. Ndili nawo angapo a kampani ya foni ndi a banki ina, ndinagula kudzera kwa ma broker ovomerezeka, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anandithandiza kusiyana ndi ndalama zomwe zinangokhala mu akaunti. Koma amenewo si a komwe ndimadyera, galaja ikapsa lero iwo atsala. Anzathu olima m'mbali mwa Likangala anaona nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, amene chimanga, nkhokwe ndi mbuzi zonse zinali kudambo komweko anatsala ndi zovala za m'thupi.

Pempho langa lipite kwa a unduna wa za ntchito ndi a MCTU, bungwe la mayuniyoni a antchito m'dziko muno, tayendani m'makampanimu muone mapepala omwe antchito akusainitsidwa nyengo ino ya kusowa kwa forex, chifukwa sindikukhulupirira kuti ndi kampani imodzi yokha. Mphwangayo ndalama sindinam'bwereke, anachoka atakwiya, olo nsima sanadye, anakakwera minibasi ya ku Limbe. Dzulo akazi ake andiimbira kuti fomu ija sanasainebe, ili pansi pa matiresi, ndipo tsiku lomaliza kubweza ndi Lachisanu.

Makaniko wodandaula,
Chinamwali, Zomba