Lipoti la ulendo wa ku Zomba

A Wapampando, a Msungichuma ndi aphunzitsi anzanga a mbiri yakale, ndabwerako kumsonkhano munandituma uja. Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu, palibe chimene munaphonya.

Ndalama zanu zinagwira ntchito tsiku lachiwiri. Mayi wina wa ku yunivesite anatambasula buku la Edward Said lotchedwa Orientalism, la mu 1978. Said anali Mpalestina wophunzitsa ku Columbia University, ndipo mfundo yake ndi yakuti azungu ophunzira zilankhulo ndi miyambo ya Aluya ndi Amwenye ankadyera mbale imodzi ndi atsamunda. Napoleon polowa mu Egypt mu 1798 anatenga akatswiri oposa 150 pamodzi ndi asilikali ake. William Jones, amene anayambitsa bungwe la maphunziro a za ku Asia lotchedwa Asiatic Society ku Calcutta, ku India, mu 1784, anali woweruza milandu, ndipo china chomwe anaphunzirira Sanskrit chinali choti akatswiri a malamulo achihindu asamamupusitse m'khoti.

Koma amene anandisowetsa tulo ndi Snouck Hurgronje wa ku Netherlands. Bamboyu anaphunzira Chiarabu mpaka kukalowa mu Mecca mu 1885, n'kumakhala ngati Msilamu mnzawo. Patapita zaka ndi yemweyo amene ankalangiza boma la kwawo mmene lingagonjetsere Asilamu a ku Aceh, ku Indonesia ya lero. Munthu kudya nanu, kudziwa pomwe mumabisa makiyi, kenako n'kukalozera adani! Cholembera chinandithera inki pamenepa, ndinachita kubwereka.

Bambo wina anatsutsa kuti Ajeremani anali akatswiri zedi pa maphunzirowa chonsecho sanalamulire India kapena Egypt. Ananena zoona, ndipo Said yemwe sanawalembe mokwanira. Komabe zimenezo sizimuyeretsa Hurgronje.

Masana kunali za kalembedwe ka mayeso. Ambiri tinawodzera.

Potseka anagwirizana kuti gulu lililonse liunikenso manotsi ake a za utsamunda. Ena anafika ponena kuti mabuku a amishoni tiwataye. Apa ine ndinakana, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukwiya nane. Dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892 inasunga mawu omwe ana athu sakuwadziwanso. Tikaitaya, tiika chiyani m'malo mwake? Ife talemba chiyani?

Ndi pamene ndinakumbukira nkhani yathu ija. Chaka chatha tinasonkha ndalama zogulira kachipangizo kojambulira mawu kuti tikacheze ndi agogo okumbukira za thangata m'maesiteti. Ndalamazo zinapita ku matisheti a tsiku limodzi. Agogo awiri mwa omwe tinawalemba pamndandanda tawaika m'manda chaka chino. Tizidandaula bwanji kuti mbiri yathu analemba ndi alendo, eniakefe tili kalikiliki ndi matisheti? Tisheti yanga ndikukolopera. Ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano wa mwezi uno, isakankhidwirenso ku "zina ndi zina".

A Msungichuma, alawansi munandipatsa inali ya masiku awiri pomwe msonkhano unali wa atatu. Usiku womaliza ndinagona pa mphasa kwa msuweni wanga ku Chinamwali. Malisiti a minibasi ndi a fotokope ya mapepala a mayi uja ndili nawo, ndibwera nawo Loweruka.