Lipoti la nthumwi ku komiti yoteteza ana ya ku Santhe: kuphunzitsa ana olakwira malamulo kupewa ngozi

Mayi wapampando, mafumu ndi mamembala nonse, nazi zomwe tabwera nazo kuchokera kumsonkhano womwe munatituma paboma pa Kasungu.

Nkhani inagona pa ana amene milandu yawo imathera kunja kwa khoti, monga likulolera lamulo la 2010 losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana. Ambiri safika kumalo osungirako ana olakwa ku Mpemba kapena ku Chilwa, amabwerera m'manja mwathu kumudzi konkuno. Ndi omwewa timawaona atakwerana atatu panjinga ya kabaza usiku mumsewu waukulu, opanda chipewa choteteza mutu, kachasu ali m'mutu.

Njira imene tinakambirana inayambira pachipatala cha Sunnybrook ku Toronto mu 1986. Achinyamata amatsatira ulendo wa munthu wovulala tsiku lathunthu: polandirira ovulala, muwodi, kenaka kucheza ndi wina amene analumala pangozi. Ku Perth, ku Australia, anaiyesa pa ana olakwa, ndipo kafukufuku wa 2012 anaonetsa kuti omwe anapitako sanabwereze kwambiri milandu ya pamsewu ndi yandewu. Komabe anawo sanasankhidwe mwamaere, choncho tisaitenge ngati mankhwala ochiza zonse. Chotsimikizika n'chakuti kuopseza kumaononga. Ku America ankapita ndi ana kundende kuti akaidi akawakalipire, ndipo anawo anapalamula kuposa anzawo omwe sanapiteko. Ife tikupempha kuti mawu oti "tikakuonetsa ndende" asamvekenso pabwalo lathu.

Ife tikamapita nawo kuchipatala, gulu lisapitirire ana 12, apo ayi olongolola amaphimba anzawo. Kholo livomereze, wodwala wokamuonayo avomerezenso, ndipo mafoni asajambule. Mwana aliyense agwire ndi manja ake zimene akuphunzira. Amange lamba wa chipewa mpaka pansi pa chibwano pangolowa zala ziwiri, chifukwa chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi. Chipewa cha amisiri omanga nyumba sichiteteza panjinga, ndipo chimene chinamenyekapo kwambiri n'chotaya ngakhale chikuoneka chabwino. Ayeze mamita 14 pabwalo: umenewo ndi mtunda womwe njinga yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pa sekondi imodzi, dzanja lisanagwire buleki. Amvenso kuti kusamba kapena kudya nsima sikuchotsa mowa m'magazi.

Pa chithandizo choyamba, bala lotuluka magazi alipsinje ndi nsalu yoyera mphindi 10 osasuzumira. Popsa ndi moto athirepo madzi ozizira mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano kapena dzira. Wagwa panjinga asamunyamule miyendo ndi manja ngati thumba la chimanga, pakuti khosi lothyoka likagwedezeka munthu amafa ziwalo.

Pomwe zimavuta ndi pambuyo pa tsikulo. Mnyamata amabwerera kwa mwini njinga yemwe amafuna ndalama yake madzulo alionse, ndipo liwiro limayambiranso. Tikupempha komiti isankhe anthu awiri oyendera mwana aliyense pakatha mwezi umodzi, miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi, n'kumalemba m'kaundula wopanda maina ngati wavulala kapena wapalamulanso. A gulupu, tithandizeni kuitana eni njinga kumsonkhano wotsatira, ndipo mlembi alembere chipatala cha boma kupempha tsiku loti gulu loyamba likaone.