Musanalipire laputopu ya kaunjika, lowani kaye mu BIOS

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndilankhulepo za malaputopu a kaunjikawa, chifukwa ine ndapsa nazo ndipo sindikufuna mnzanga wina apsenso chimodzimodzi.

Ndinagula laputopu yooneka bwino zedi, batire yokhalitsa, ogulitsa anaiyatsa ine ndikuona Windows nkulowa bwinobwino, basi ndalama ndinapereka. Patapita masabata angapo Windows ija inayamba kuvuta nde ndinati ndingoifomata ndiike ina ya pa fulashi, kungodina batani lolowera mu BIOS, kapulogalamu kam'kati kamene kamayamba Windows isanalowe, kwatulukira kabokosi kakufuna pasiwedi. Osati ya Windows ija ayi, iyi ndi ina, anaika mwini wake woyamba amene sindikumudziwa nkomwe, ogulitsa aja nditawaimbira anangoti inabwera choncho.

Anzanga anati chotsa kabatire kozungulira ka CMOS kaja udikire pang'ono ifufutika yokha. Zimenezo zinkatheka pa makompyuta akale a patebulo, koma malaputopu ambiri a masiku ano makamaka opangira makampani amasunga pasiwediyi mu kachipu kosaiwala olo magetsi achoke onse. Ndinatsegula, kuchotsa, kubwezeretsa, phindu lake kutaya tima screw tiwiri basi. Kusintha diski nakonso sikuchotsa loko chifukwa siili pa diskipo, ili pa motherboard, bodi yaikulu ya mkati mwa laputopu.

Ndipo malokowa alipo amitundumitundu. Pa ThinkPad pali supervisor password, a Lenovo eni ake amanena kuti ukaiwala imeneyo njira yake nkusintha bodi yonse. Ma MacBook okhala ndi chipu ya T2 kuyambira 2018, ndi a M1 a 2020 kubwera kuno, ali ndi Activation Lock yomangirira ku akaunti ya Apple ya mwini wake, popanda iyeyo kapena risiti yeniyeni yogulira poyamba ndiye kuti mwagula chitsulo chokongola. Ma Chromebook ochokera mmasukulu nawonso kaya uwafufute kangati, akangogwira intaneti amafunanso akaunti ya bungwe lomwe linawalembetsa.

Sikuti yotsekedwa iliyonse ndi yakuba ayi, nthawi zina kampani imangogulitsa mulu wonse a IT osachotsa maloko awo. Koma iwe wogula usiyanitsa bwanji? Ndipo ogulitsa amene akudziwa kuti katundu ndi wotseka nkungokhala chete, kumayatsa Windows mwachangu kuti usafunse zambiri, ameneyo kwa ine wakubera basi.

Nde chonde anzanga, kuyaka kwa Windows si umboni wa chilichonse. Izimitseni nokha, muiyatsenso mukudina F2 ngati ndi Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad, ndipo musangoona kuti mwalowa chifukwa ina imakulowetsani kungoti simungasinthe kanthu, sinthani ndithu kenakake ngati dongosolo la boot (losankha kuti iyakire pa diski kapena pa fulashi), musevu, muone ngati zatheka. Ngati ndi Mac auzeni aifufute pamaso panu, ilumikizeni ku Wi-Fi muyambe kuikonza ngati yatsopano mpaka mufike kumapeto isanafunse akaunti ya munthu wina. Risiti ikhale ndi serial number. Akayamba zoti nthawi yatha kapena fulumirani pali wina akuifuna, tengani ndalama zanu muzipita.

Yangayi wokonza wina anati atha kumatula kachipuko nkukalemba mwatsopano koma ananeneratu kuti bodi itha kufa ndipo iye sadzalipira, ine mtima unakana. Tinangochotsa diski yake ya SSD, kuikamo Windows pa makina ena nkuibwezera, mwamwayi inayaka. Ndikugwiritsa ntchito choncho, BIOS ikadali yotseka, fulashi siibuta, ndipo ndikadzafuna kuigulitsa ndidzayenera kumuuza wogulayo zonsezi.

Ine wanu,
Wowerenga wokhumudwa