Mwana wanga, taya kachubu kaja

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa m'mafupa ndipo bondo langa lija layambiranso. Koma za bondo tikamba tsiku lina.

Azakhali ako atafika Loweruka sanakhale n'komwe pamphasa, anandikokera kuseri kwa khitchini. Akuti chikanga chakubwerera ndipo ulendo uno chafika poipa. M'zigongono mukuchucha madzi, pakhosi pali nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, usiku sukugona, ndipo kusaluni ukuvala juzi ya manja aatali ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pafoni iwe umangoti "ndili bwino amayi". Ukubisira ine? Khungu lakolo ndalidziwa usanalidziwe iwe mwini.

Chandisowetsa tulo ndi kachubu kaja. Ndamva kuti mnzako wa kuntchito anakugulira mafuta mumsika, aja atsikana amadzola kuti ayere, ndipo ukupaka pazilonda m'mawa ndi madzulo poti akuletsa kuyabwa. Akuletsadi, sindikukana. Ambiri mwa mafuta amenewo amakhala ndi mankhwala amphamvu kwambiri a steroid, monga clobetasol, amene ngakhale dokotala amapereka mosamala, kwa masiku owerengeka, atayamba waona yekha khungulo. Ukapaka pomwe pali mafinya kuyabwa kumagona, koma tizilombo timapeza mpata. Khungu limapyapyala, limachita mizeremizere yosatha, ndipo tsiku lomwe udzasiye chidzabwerera mokwiya. Mnzakoyo mwina ali ndi mtima wabwino, koma si iye adzagone m'chipatala. Taya kachubuko lero, usadikire kuti kathe.

Ukukumbukira uli Sitandade 1? Mwina ayi. Unkadzikanda mpaka magazi pabulangete. Ndinkakuveka masokosi a bambo ako m'manja usiku, ndikumangirira ndi kansalu, iwe n'kumachotsa ndi mano. Agogo ako anati pali dzanja la munthu, ndipo ine mopusa ndinavomera. Anakutema mphini, n'kupaka zakuda zija. Patangopita masiku atatu mkono unatupa, thupi likuotcha ngati mbaula. Ndinakubereka kumbuyo mbandakucha kupita kuchipatala, ndikulira njira yonse. Mpaka lero ndikaona timabala tija pamkono pako mtima umandipweteka, chifukwa anakugwira ndine pomwe ankakutema.

Kumeneko ndi komwe anandiphunzitsa. Chikanga chimasiya khungu louma ndi long'aluka, ndipo ukakanda umatsegulira khomo bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, yemwe amakhala kale pakhungu la anthu ambiri odwala chikanga. Akalowa ndiye kumabwera madzi, mafinya ndi nkhanambo zachikasu zija, kuyabwa n'kuwonjezeka, iwe n'kukandanso. Zikafika pamene azakhali ako akunenapa, mafuta okha sathandiza. Pita kuchipatala chachikulu cha Queens, kuli kiliniki ya matenda a khungu. Lawira, mzere umakhala wautali, ndipo abwana ako uwauze zoona. Kachubu kaja, ndati utaye, koma bwino utenge ukawaonetse kaye kuti adziwe chomwe wakhala ukupaka, kenaka ukataye konko. Usachite manyazi. Akakulembera makapisozi monga flucloxacillin, amamwedwa kanayi patsiku, m'mimba mulibe chakudya, ndipo umalize onse monga akuuzire. Ndimakudziwa iwe, ukangoona pauma umaponya mankhwala m'chikwama. Akakupatsanso mafuta awo opaka a steroid usawaope poti ndakuopseza ndi a mumsika. Iwo amadziwa oyenera kumaso ndi oyenera m'miyendo, komanso masiku ake.

Tamvera izi bwino. Ukamva kutentha thupi kapena kuzizidwa, ukaona kutupa kukufalikira ndipo khungu likuotcha, kapena patuluka timatuza tambiri tofanana, topweteka, tomwe tikaphulika timasiya timabowo, makamaka kumaso pafupi ndi diso, usadikire kuche. Pita nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Timatuza timeneto nthawi zina ndi vayirasi ya herpes, ndipo imathamanga pakhungu la chikanga.

Ndipo leka kudzikhula! Ndikudziwa ukuganiza kuti ukakhula ndi chinkhupule nkhanambo zichoka, uoneke waukhondo. Si litsiro limenelo, mwana wanga, sunali wauve chibadwire. Samba madzi ofunda pang'ono, osati otentha ngakhale kuzizire bwanji, usachedwemo, ndipo sopo wonunkhira umusiye. Podzipukuta uzingogunditsa thaulo, thaulo lakolako, osabwerekana ndi mnzako wa m'nyumbayo mpaka zilonda ziume. Chikanga pachokha sichipatsirana, koma mafinyawo ali ndi tizilombo. Khungu lisanaumiretu paka Vaseline wosanunkhira, wambiri, ndipo masana uzipakanso. M'botolomo uzitapa ndi supuni yoyera, chala chako chingasiyemo tizilombo. Zikhadabo zoikirira zija azakhali ako anaziona, chotsa. Wenga zako zifupike. Kukayabwa usiku nyowetsa kansalu koyera m'madzi ozizira uike pamenepo, monga ndinkakuchitira.

Ntchito yakoyonso ikundidetsa nkhawa. Tsiku lonse manja ali m'madzi, m'shampu ndi m'mankhwala owongolera tsitsi, zomwe zimalumanso ngakhale khungu la munthu wabwinobwino. Vala magolovesi, ndipo akachita thukuta m'kati uvule, uumitse manja, upake mafuta. Juzi yaubweya ija imakanda, vala malaya a thonje m'kati mwake. Zovala uzitsukuluza mpaka thovu lithe. Sindikunena kuti usiye ntchito, ndikudziwa mmene unaivutikira. Koma ngati adokotala anena kuti upume sabata, puma.

Azakhali ako akuti unalira powauza kuti makasitomala ena akukana kuti uwagwire m'mutu, ena akunong'onezana za matenda ena. Zinandiwawa kwambiri. Ndikanakhala pafupi ndikanawayankha ndine. Anthu amalankhula, mwana wanga, ankalankhulanso uli wamng'ono, amayi ena ankakoka ana awo ukafika pamjigo. Koma usalole kuti manyazi akubwezere ku kachubu kaja. Ndabwerezanso, eti? Ndibwerezabe mpaka undiuze kuti wataya.

Ndagulitsa ndowa ziwiri za nyemba, ndalama ndikutumizira pafoni mawa kudzera kwa mlongo wako. Ndi ya minibasi ndi Vaseline, komanso mankhwala ngati angakuuze kuti ukagule kufamase. Si ya wigi. M'kathumba komwe ndapatsira dalaivala muli nsalu ziwiri za thonje zomwe ndachapa kale, uzigonera zimenezo, ndi ufa pang'ono.

Ukachoka kuchipatala undiimbire, undiwerengere zomwe alemba m'buku lako la kuchipatala, dzina ndi dzina. Ndikapanda kumva kanthu pofika Lachisanu ndikwera basi ndi bondo langa lomweli.

Ndine mayi ako.